Jakisoni woteteza ku HIV: tizikabayitsa kuti popanda kulozedwa zala?

Nyenyezi_22
Anzanga a pagulu pano, ndili ndi funso, chonde musandiseke. Ndili ndi zaka 22 ndipo ndakhala ndikumwa mapiritsi a PrEP, aja omwa tsiku lililonse kuti usatenge HIV. Mankhwalawo sandivuta m'thupi ayi, chondivuta ndi botolo lake. Ndimagona chipinda chimodzi ndi mng'ono wanga, ndiye botolo lija likangogwedezeka m'chikwama limachita phokoso, aliyense n'kutembenuka. Azakhali ataliona anangofunsa kuti "kodi mwana iwe wayamba ma ARV osatiuza?" Ndinafotokoza mpaka kukamwa kuuma, koma pankhope pawo ndinaona kuti sanakhulupirire. Pano masiku ena ndimadumphitsa chifukwa chosowa pomwera. Ndamva zoti kuli jakisoni, ena akuti wa miyezi iwiri, ena akuti wa miyezi 6. Zoona ndi ziti? Ndipo kodi mpaka munthu ukaime pamzere kuchipatala chachikulu, kapena malo othandizira achinyamata a m'dera aja angathe kubaya?

Chiphaliwali
Mwangotchula jakisoni ine thupi lachita kale tsembwe kkkk. Bola mapiritsi.

NesiWaUsiku
Asisi Nyenyezi, onsewo akunena zoona, kungoti akukamba za mankhwala awiri osiyana. Wa miyezi iwiri dzina lake ndi cabotegravir, ambiri amangoti CAB. Ameneyu timabaya pathako, mkati mwa mnofu. Woyamba lero, wachiwiri pakatha mwezi umodzi, kenako basi miyezi iwiri iliyonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza maiko kuti ayambe kumugwiritsa ntchito mu 2022. Wa miyezi 6 ndi lenacapavir. Ameneyu salowa mumnofu, amabayidwa pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, majakisoni awiri nthawi imodzi. Ulendo woyamba umamwanso mapiritsi awiri tsiku lobayalo ndi ena awiri mawa lake, kuti mankhwala akwere msanga m'magazi. Ukatero wathana nazo mpaka patapita masabata 26. Ku America anamuvomereza mu June 2025, ndipo WHO inatulutsa malangizo ake mwezi wotsatira pamsonkhano wa ku Kigali.

Funso lanu lachiwirilo ndiye lenileni. Palibe chilichonse pa majakisoniwa chofuna chipatala chachikulu. Pamafunika munthu wophunzitsidwa kubaya, chipinda chotsekeka bwino ndi zoyezera magazi. Safuna furiji. WHO inanenanso kuti kuyeza kwa pompopompo kobaya chala kuja n'kokwanira, osachita kudikira zotsatira za kulabotale. Ndiye malo a achinyamata, chipatala choyendayenda, ngakhale chipinda cha zakulera, onsewa angathe. Zoti kwanuko ayamba kapena sanayambe, mukafunse pomwe mumatenga mapiritsipo.

Wokayika
Katemera wa Edzi akanapezeka bwenzi dziko lonse likuvina. Apa akungofuna kuyesera pa ana athu. Mankhwala okhala m'thupi theka la chaka, mukudziwa chimene akuchita m'katimo?

Kamtedza
Akulu, si katemera ameneyu. Katemera amaphunzitsa thupi kudzimenyera lokha nkhondo. Awa ndi mankhwala chabe, amene amasungunuka pang'onopang'ono kuchokera pamalo pomwe abayapo. Akatha m'thupi, chitetezo chathanso. Za kuyeserazo, kuyesa kunachitika kale ndipo zotsatira zili poyera. Kafukufuku wotchedwa PURPOSE 1 anachitikira ku South Africa ndi ku Uganda, pa atsikana ndi amayi oposa 5,000 a zaka 16 mpaka 25. Pomwe zotsatira zimatuluka mu 2024, mwa anthu 2,134 amene analandira lenacapavir panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachirombo. M'magulu awiri a omwa mapiritsi, anthu 55 anatenga, ndipo magazi anaonetsa kuti ambiri samamwa mapiritsiwo mokwanira. Nkhani yake ndi yomweyi akudandaula a Nyenyeziyi. Kafukufuku wachiwiri, PURPOSE 2, anali makamaka wa amuna ogonana ndi amuna anzawo, m'maiko ngati Brazil, Thailand, South Africa ndi America. Kumeneko anatenga awiri okha mwa anthu oposa 2,000 obayidwa. Mankhwala omwewa akubayidwa ku America komweko, ndiye ngati n'kuyesera, akudziyeseranso okha.

Wokayika
Manambala aliyense akhoza kulemba. Amene anachititsa kafukufukuyo si omwe akugulitsa mankhwalawo?

Kamtedza
Kampani ya Gilead, yopanga lenacapavir, ndi imene inalipira, pamenepo sindikana. Koma amene amayang'anira chitetezo cha anthu otenga nawo mbali ndi komiti yoima payokha, ndipo komitiyo ndi imene inanena kuti kuyerekezaku kuimitsidwe msanga, aliyense apatsidwe mwayi wa jakisoni, poti kusiyana kunali kwakukulu zedi.

MaiAwiri
Mundikhululukire, ine ndine kholo la atsikana awiri. Mwana wa zaka 16 akakabayitsa jakisoni ameneyu ine osadziwa, kodi sitikumuuza kuti njira ndi yoyera, pita kachite? Ife tinakula tikuopa, ndipo manthawo anatisunga. Zomati thandizo la m'dera, komwe kholo silikuona, ndi zimene zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Dzuwa_Lawala
Mayi, mantha anasunga angati? Maliro a m'zaka za m'ma 1990 aja anali a anthu osaopa?

MlangiziT
A Dzuwa, tsitsaniko mawu, funso la mayiwa lili mumtima mwa makolo ambiri. Mayi, ine ndimagwira ntchito ya uphungu kwa achinyamata. Mtsikana amene amabwera kudzafunsa za PrEP sabwera kudzapempha chilolezo choti ayambe. Amakhala atayamba kale, ndipo nthawi zambiri mwamunayo ndi wamkulu kuposa iye, ndi amene amagula foni ndi kulipira zina, ndiye mwanayo alibe pakamwa pomuuzira za kondomu. A UNAIDS, bungwe la United Nations loona za Edzi, anawerengera kuti mu 2023 atsikana ndi amayi a zaka 15 mpaka 24 pafupifupi 4,000 ankatenga kachirombo sabata iliyonse padziko lonse, ndipo ochuluka kwambiri anali a maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara. Za msinkhu woti mwana avomereze yekha, malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Kumbali ya thupi, majakisoni onse awiri anavomerezedwa kwa achinyamata olemera makilogalamu 35 kapena kuposa.

Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti pomwe akufuna siginecha ya kholo, ana sabwera, koma zochitazo sasiya. Ndipo akabwera sitingobaya n'kumuuza kuti zipita. Timakhala naye pansi, kumufunsa za chibwenzicho, za sukulu, ngati pali womukakamiza. Atsikana ena nkhani yoti akugwiriridwa ndi wachibale amayamba kuitulutsa pampando womwewo, atabwerera zina.

MaiAwiri
Ndamva, koma mtima sunakhale pansi. Ndikanakonda mwana wanga atayamba wandiuza ine.

Nyenyezi_22
Mayi, ifetu timafuna kuwauza amayi athu. Timayamba ndi nkhani ya mnzathu kuti timve ayankha bwanji. Akangoti "hule ameneyo, ndisadzakuonenso naye", basi zathuzo timameza.

MaiAwiri
Mmm. Mawu amenewo ndi olemera, mwana wanga.

Kambalame
Palibe amene watchula mphete. Ine ndi imene ndikugwiritsa ntchito. Ndi yofewa, ya silikoni, umaipinda ngati nambala 8 n'kuilowetsa wekha kunjira ya abambo, n'kuikankhira mkati ndi chala. Imakhala mwezi wathunthu, kenako umaikoka n'kuika yatsopano. Mankhwala ake ndi dapivirine. Masiku oyamba ndinkayenda mopanikiza miyendo kuopa kuti igwa pagulu, koma pano ndimaiwala zoti ilipo. Kumwezi sindichotsa, posamba sindichotsa. Chimene ndimaikondera n'chakuti tsiku lomwe ndafuna kusiya ndimangoitulutsa ndekha, osapempha munthu.

Chiphaliwali
Nanga abambo saimva?

Kambalame
Sananenepo kanthu, nanenso sindinafunse kkkk.

NesiWaUsiku
Mphete ndi yabwino kwa amene safuna singano, ndipo WHO inaivomereza mu 2021. Koma tinene chilungamo, mphamvu yake siifika pa jakisoni. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, inachepetsa kutenga kachirombo ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo kwa atsikana a zaka 18 mpaka 21 chitetezo sichinaoneke chifukwa ambiri samaivala nthawi zonse. Kwa ovala mosadumphitsa chitetezo chinkakwera kuposa theka. Imateteza njira imodzi yokhayo, kugonana kwa kumbuyo siiteteza. CAB, pa kafukufuku wa amayi wa HPTN 084 m'maiko 7 a mu Africa, anachepetsa kutenga kachirombo ndi pafupifupi 88 peresenti poyerekeza ndi mapiritsi. Komabe ine sindinyoza mphete. Pa kafukufuku wina wotchedwa REACH, atsikana a zaka 16 mpaka 21 anayesa mphete miyezi 6 ndi mapiritsi miyezi 6, kenako anawauza kuti asankhe. Awiri mwa atatu alionse anasankha mphete.

MnyamataWaPaKona
Inu mukukamba za mankhwala, ine ndikambeko za pakhomo. Ndinapita pachipatala china kukafunsa za PrEP. Kumbuyo kwanga mzere wa anthu, mayi wa pawindo mokweza: "PrEP? Iwe uli ndi zibwenzi zingati?" Anthu onse phee kudikira yankho. Ndinangoti ndasochera, n'kutuluka. Ngakhale mutabweretsa jakisoni wa zaka 10, pawindo pakakhala mayi ameneyo ine sindibwera.

Dzuwa_Lawala
Ndipo chitseko chake amachilemba zilembo zikuluzikulu, kuti aliyense wokhala pabenchi adziwe chimene walowera.

NesiWaUsiku
Sindikuwaikira kumbuyo mayiwo, analakwa. Koma nanunso mudziweko kuti nesi mmodzi amatha kuyamba m'mawa mpaka dzuwa kulowa osakhala pansi, zipangizo palibe, malipiro ochedwa. Ulemu umathawa munthu akatopa.

Chiphaliwali
Ndiye kutopa kwa anesi tilipire ndife? Ife kuntchito kwathu tikatopa sitikalipira makasitomala.

GogoWaFoni
Kale anamwino ankalemekezedwa, akadutsa ndi yunifolomu yoyera ija anthu ankapatuka. Lero ntchito imeneyi ana akungoilowera kusowa kwina. Mdzukulu wanga anaphunzira unamwino koma mpaka pano akungokhala, ntchito osapeza, pomwe m'zipatala akuti anthu ndi ochepa. Zimenezi ndiye mundifotokozere.

Kamtedza
Agogo, nkhani imeneyo ikufunika tsiku lake. Tibwerere ku jakisoni, poti pali chinthu chimene sichinanenedwe ndipo ndi chimene chimandiopsa ine. A Nesi, fotokozani za munthu amene wabayitsa kamodzi n'kusowa.

NesiWaUsiku
Eya, apa ndiye pagona nkhani. Jakisoni wachotsa vuto lokumbukira tsiku lililonse, koma zonse waziunjika pa tsiku limodzi, tsiku lobwerera. Mapiritsi ukasiya, pakapita masiku ochepa achoka m'thupi. Jakisoni satero. Amatsika pang'onopang'ono, ndipo CAB amatha kupezekabe m'magazi chaka chathunthu kapena kuposa munthu atasiya. Pa nthawi imeneyo mankhwala amakhala ochepa moti sangakuteteze, koma alipo ndithu. Kachirombo kakalowa pamenepo kamakumana ndi mankhwala ofooka, ndipo kakhoza kuwazolowera. Choipa n'chakuti CAB ndi wa banja limodzi ndi dolutegravir, amene ali m'mapiritsi a ma ARV omwe anthu ambiri akumwa masiku ano. Kachirombo kakapima CAB, ma ARV amenewa akhoza osagwira bwino ntchito. Lenacapavir ndi wa banja lina, amagwira chikuto cha kachirombo, ndiye kupima kwake sikuononga ma ARV a masiku onse. Komabe nayenso amatsalira m'thupi nthawi yaitali.

N'chifukwa chake timayeza magazi tisanabaye, ulendo uliwonse, ngakhale munthu alumbire kuti sanayende. Kubaya munthu amene ali kale ndi kachirombo ndi kumupatsa mankhwala amodzi pomwe amafunika atatu. Ndipo amene wafuna kusiya asangosowa. Abwere anene, timupatse mapiritsi kapena njira ina ngati chiopsezo chikadalipo. Pa tsiku lobwerera pali kampata: CAB masiku 7 tsikulo lisanafike kapena litadutsa, lenacapavir masabata awiri. Pa lenacapavir ukadutsitsa masabata 28 chibayitsire umayambiranso ndi mapiritsi a poyamba aja.

MlangiziT
Ndipo wachinyamata miyezi 6 ndi yaitali kwabasi. M'kati mwakemo walemba mayeso, wasamuka, wapeza ganyu kwina, nambala ya foni wasintha, chibwenzi chija chatha ndipo akuti sakufunanso chitetezo, kenako china chayamba. Chipatala chachikulu sichingamulondole munthu ameneyu, chimangodikira. Amene amamupeza ndi mnzake wa msinkhu wake amene tinamuphunzitsa, wodziwa kuti masana amapezeka pati. Ndiponso nthawi. Malo otsegula 8 koloko n'kutseka masana, mwana wa sukulu kapena wa pantchito adzafika liti? Ife titayamba kutsegula madzulo ndi Loweruka, nkhope zimene sitinazionepo zinayamba kubwera, makamaka anyamata.

Dzuwa_Lawala
Angotumiza uthenga pafoni wokumbutsa, nkhani yatha.

Kambalame
Iii, foni yake iti? Ena mafoni athu amafufuzidwa usiku uliwonse. Uthenga ukangobwera woti "tsiku lanu la jakisoni lakwana", nkhondo. Azifunsa kaye munthu kuti tikukumbutseni bwanji. Ine ndinawauza kuti azingolemba kuti "moni asisi, katundu wafika".

Chiphaliwali
"Katundu wafika" ameneyonso akhoza kuyambitsa mlandu wina kkkkk.

Mwezi_Wawala
Ine ndikubayitsa CAB, ndiye ndinene zimene ndikudziwa. Singano yake ndi yaitali ndipo mankhwalawo ndi ambiri, umawamva akulowa. Jakisoni woyamba thako linauma masiku angapo, pokhala ndinkakhalira mbali imodzi, pokwera masitepe ndinkatsimphina pang'ono. Anzanga kufunsa, ine ndati ndinagwa. Otsatirawo ululu unachepa kwambiri. Anesi anandiuza kuti ndizimasula mwendo, ndisamaumitse thako, ndipo ndikatuluka ndiziyenda m'malo mokagona. Panopa ndimakabayitsa tsiku lomwe ndikukatenga zakulera, chipinda chimodzi, munthu mmodzi, ndipo wondiona akulowa amangoti wapita kukalera.

Nyenyezi_22
Nanga wa pamimbayo sasiya chizindikiro? Poti ngati aoneka ndiye vuto la botolo lija langosamukira pathupi.

NesiWaUsiku
Funso labwino. Anthu ambiri lenacapavir amawasiyira kachotupa kolimba pansi pa khungu, pomwe mankhwala akhala. Nthawi zambiri sikaoneka ndi maso koma ukagwira umakamva, ndipo kamatha kukhala miyezi kasanaphwe. Si matenda, ndi nkhokwe ya mankhwalawo. Koma ngati muli ndi munthu wofunsa chilichonse chimene wagwira, muwauze obayawo musanayambe. Pantchafu amathanso kubaya. Munthu asadzidzimuke nako kunyumba chifukwa choti sanauzidwe.

MaiAwiri
Nanga sizitseka mimba? Jakisoni wolera uja anthu amadandaula kuti akasiya mimba imachedwa.

NesiWaUsiku
Mayi, majakisoniwa mulibe mahomoni, sakhudza kubereka. Pa PURPOSE 1 atsikana ambiri ndithu anatenga mimba ali pa lenacapavir, ndipo analoledwa kupitiriza. Zimenezi zikutiuzanso mbali inayo: jakisoniyu si wolera. Sateteza mimba, sateteza chindoko, chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana. Kondomu ikadali ndi ntchito yake.

MnyamataWaPaKona
Apo ndiye mwanena. Anyamata akangomva kuti miyezi 6 uli bwinobwino, makondomu aziwaona ngati akale.

MlangiziT
Ena atero, sindinama. Koma amene akubwera kudzabayitsawo ambiri kondomu anali atasiya kale, kapena sanayambe n'komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pano timawaona kawirikawiri, ndiye chinzonono timachipeza msanga n'kuchiza, m'malo moti azikagula makapusozi osadziwika kwa ogulitsa m'misewu. Ndipo achimwene, inuyo amene munabwerera pawindo paja, ngati zitachitika kuti kondomu yaphulika kapena simunavale, pali PEP, mapiritsi omwa zitachitika kale kuti kachirombo kasakhazikike m'thupi. Muyambe pasanathe maola 72, mumamwa masiku 28. Imeneyo musachite nayo manyazi, ngakhale pawindo pakhale ndani.

Wokayika
Chabwino, tinene kuti amagwiradi ntchito. Alipira ndani? Mwayamba kuwazoloweretsa ana, chaka chamawa mudzati mankhwala atha, opereka thandizo achoka. Ndiye zomwe akunena a Nesi zotsalira m'thupizo zidzagwera aliyense nthawi imodzi.

Kamtedza
Apa ndiye mwafunsa za nzeru, akulu, ndipo sindikutsutsani. Ku America mtengo wa lenacapavir ndi madola oposa 28,000 pachaka munthu mmodzi. Mu 2024 Gilead inapereka chilolezo kwa makampani 6 kuti apange wotchipa wogulitsa m'maiko 120. Mu September 2025 kunalengezedwa mgwirizano woti makampani a ku India, Dr. Reddy's ndi Hetero, azidzagulitsa pa madola 40 pachaka kuyambira 2027. Opereka thandizo a Global Fund ndi PEPFAR analonjeza kufikira anthu 2 miliyoni m'zaka zitatu. Zikumveka zambiri, koma mu 2024 mokha anthu 1.3 miliyoni anatenga kachirombo padziko lonse, ndiye ofuna chitetezo ndi ochuluka kuposa pamenepo. Maiko ena ngati Brazil, komwe kafukufuku anachitikira, sali m'gulu la maiko 120 aja. Ndipo thandizo la America litaimitsidwa kumayambiriro kwa 2025, ntchito zambiri zopewera HIV za m'madera zinaima, zomwe zija zofikira achinyamata kumene ali. Mankhwala akhoza kutchipa, koma wobaya ndi wolondola anthu uja amafuna malipiro mwezi uliwonse.

Wokayika
Ndiye mwagwirizana nane.

Kamtedza
Pa za ndalama, eya. Pa zoti akuyesera ana athu, ayi.

Dzuwa_Lawala
Boma lililonse liziikako zake, osangodikira alendo. Madola 40 pachaka ndi ochepa kuyerekeza ndi kumwetsa munthu ma ARV moyo wake wonse.

Phiri_Lalitali
Pepani ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Mchimwene wanga akumwa mankhwala a TB ndipo amafuna jakisoni ameneyu. Zimayenderana?

NesiWaUsiku
Mwachita bwino kufunsa. M'mankhwala a TB muli rifampicin, amene amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira. CAB sabayidwa kwa munthu amene akumwa rifampicin, chifukwa amatha msanga m'magazi munthu n'kumaganiza kuti ndi wotetezeka. Lenacapavir nayenso amakhudzidwa, moti pamafunika kuti adokotala aone za kuonjezera mlingo. Mapiritsi a PrEP a tenofovir aja alibe vuto limeneli, akhoza kumwa mpaka amalize za TB. Mankhwala ena a khunyu, monga carbamazepine ndi phenytoin, amachitanso chimodzimodzi. Popita atenge mankhwala onse amene akumwa akawaonetse, asangotchula mtundu wa piritsi. Ndikulowa ntchito tsopano, mafunso ena ndiyankha mawa.

Phiri_Lalitali
Zikomo a Nesi. Mawa mundiuzenso ngati akamaliza za TB ayenera kudikira kaye asanabayitse, kapena akhoza kupita sabata yomweyo.